Benchi yathu ya mipeni ku Limbe

Mpeni umene unayambitsa bizinesi yathu sitigulitsa. Ndi Okapi wa agogo anga aamuna, umene anabwera nawo kuchokera ku Joni m'masiku a Wenela. Chogwirira chake chinada ndi thukuta la m'manja, ndipo chitsulo chinatha ndi kunola mpaka kupyapyala ngati tsamba la nsungwi. Ankasendera nzimbe, kudulira luzi, kusemera misampha ya mbewa, pa Khirisimasi n'kusendera mbuzi. Atatisiya unakhala wanga, ndipo sindituluka m'nyumba usanalowe m'thumba lakumanja.

Ntchito yanga yaulonda itatha mu 2016, ine ndi mayi a kunyumba tinakhala pansi kuwerenga zimene zinatsala. Mpamba unali wochepa. Mlamu wanga, amene amakaoda katundu ku Johannesburg pa basi yodzera ku Tete ndi pa Mwanza, anatibweretsera ma Okapi 12. Tinakhoma benchi pafupi ndi msika wa Limbe, kuyala chiguduli, n'kundandalika mipeniyo. Sabata yoyamba unatuluka umodzi wokha.

Anthu ankaima, kuyang'ana, n'kupukusa mutu. Mayi ena anandiuza maso ndi maso kuti, "Bambo, imeneyitu ndi mipeni ya zigawenga." Zinandipweteka, koma sindinawatsutse, chifukwa ku South Africa dzina la Okapi linaipadi ndi zochita za atsotsi. Ndinangotulutsa wa agogo uja, kupempha bango limodzi mwa mango amene anali m'dengu mwawo, n'kuwasendera. Khoko linatsika lonse losaduka. Mawa lake anabweranso, osati kudzagula, koma atakulunga m'chitenje mipeni itatu ya kukhitchini yobunthiratu. "Mundinolere ngati wanu uja."

Chakudya chathu chinachokera pamenepo. Mpeni munthu amagula kamodzi pa zaka zambiri, koma kubuntha umabuntha mwezi ndi mwezi.

Kunola ndinakuphunzira ndi misozi. Pofuna kufulumira ndinabwereka galayindala, ndipo ndinatentha nsonga ya mpeni wa bambo ena ogulitsa nyama mpaka inasanduka yabuluu. Chitsulo chikafika pamenepo chafewa, sichisunganso kuthwa. Ndinawalipira wina watsopano, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndimanolera pa mwala ndi madzi basi. Ndimagoneka mpeni pamwala n'kudzutsa msana wake pang'ono, pafupifupi madigiri 20, n'kumakankha mofatsa mpaka chala chimve kamlomo kokanda mbali inayo. Kakamveka, ndimatembenuza. Pomaliza ndimapukutira pa lamba wachikopa wakale, ndipo woyesa ntchito ndi tomato wakupsa: mpeni ukalowa wokha osamufinya, mwiniwake atha kulipira.

Chimene sitinachiganizire n'chakuti benchiyi idzasanduka bwalo. Ikamakwana 4 koloko madzulo amayamba kufika: mnyamata wa kabaza, bambo okonza zamagetsi, ogulitsa nyama aja, ndi aphunzitsi ena opuma pantchito amene tonse timangowatchula kuti Madala. Moni wake ndi mmodzi: "Lero mwayenda ndi uti, achimwene?" Aliyense amapisa m'thumba n'kuika wake pachiguduli. Lamulo la pabwaloli n'loti mpeni wa mnzako sutsegula usanapemphe, ndipo pobweza umaupinda kaye.

Mkangano umene sutha ndi wa Okapi wakale ndi watsopano. Mipeniyi inayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen, m'dziko la Germany, kuti izigulitsidwa kuno ku Africa, ndipo dzina anatengera nyama ya m'nkhalango za ku Congo ya miyendo yamizere ngati mbidzi. Mu 1988 ntchito yopanga inasamukira ku South Africa. Wa agogo uli ndi chidindo cha Germany, choncho Madala amaunyamula ndi manja awiri, kuutsegula pang'onopang'ono kuti amve kulira kwa mano ake, kete kete kete, kenaka n'kukoka mphete ya kumsana kuti upindike. Amati chitsulo chakale chinali china. Ine ndanola yonse iwiri, ndipo ndimawauza kuti watsopano umabwera wobunthako, koma ukaupatsa mwala mokwanira sugonja.

Madalawo amayenda ndi Victorinox wofiira, wa kampani imene Karl Elsener anayambitsa mu 1884 ku Ibach, ku Switzerland, ndipo amanyadira kasizasi kake ndi chotsegulira mabotolo. Bambo a zamagetsi ali ndi Opinel nambala 8 wa ku France umene mwana wawo anawatumizira. Nthawi ya dzinja chogwirira chake chamtengo chimafufuma ndi chinyezi, chitsulo n'kukanirira mkati, ndiye amagogoda kumapeto kwake pabenchi mpaka nsonga isuzumire. Anyamata amakonda chitsulo chosachita dzimbiri chifukwa chimawala. Ine mtima wanga uli pa chakuda chija cha kaboni. Inde, ukasendera ndimu n'kuiwala kupukuta, mawa upeza dzimbiri, koma kadontho ka mafuta ophikira kamathetsa zimenezo, ndipo chimamva mwala msanga kuposa chinzakecho.

Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, kuoda ku South Africa kunatikanika. Miyezi ingapo pachiguduli panalibe mpeni watsopano ngakhale umodzi. Mayi a kunyumba ndiwo anayamba kuzungulira m'malesitilanti ndi kwa amayi ogulitsa nsomba, kutolera mipeni m'mawa n'kukabweza masana, telala n'kuwonjezerapo masizasi ake. Lendi ndi fizi ya ana zinachokera pa mwala.

Mwana wasukulu sitimugulitsa, ngakhale anene kuti watumidwa. Woledzera kapena wobwera ali ndi mkwiyo timamuuza kuti abwere mawa, ndipo amene akukakwera ndege pa Chileka timamukumbutsa kuti mpeni ulowe m'sutikesi, osati m'chikwama cha m'manja.

Loweruka lapitali mwana wanga woyamba ananola yekha mpeni wa kasitomala koyamba. Madala anautenga, kuuyang'anitsa padzuwa, n'kuitanitsa tomato. Unalowa wokha. Anapisa m'thumba, kutulutsa Victorinox wawo uja amene sanalolepo munthu wina kuunola kupatula ine, n'kumupatsa: "Mwanawe, Lolemba ndidzaupeze uli chonchi."