Makilogalamu anayi amene ndinabwera nawo kuchokera kumaliro

Ndakhala ndikumwa mankhwala a BP kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pa mapiritsi awiri amene ndimalandira, kakang'ono kotchedwa hydrochlorothiazide ndi kamene kamandikodzetsa pafupipafupi m'mawa. Nditamva za maliro a azakhali anga ku Katete, ndinaganizira za ulendo wautali wa basi kuchokera pa siteshoni ya Intercity ku Lusaka, podziwa kuti basi siima paliponse pamene munthu wafunira, ndipo ndinalumpha kapiritsiko tsiku la ulendo. Kumaliro kunali piringupiringu, mutu sunkandipweteka, choncho tsiku limodzi lija linasanduka milungu itatu.

Nditabwerera ku Chilenje, nsapato zanga za kutchalitchi zinakana kulowa ndipo mphete inandithina. Anzanga amene timasoka nawo ku Kamwala ankandiseka kuti kumudzi anandisamala bwino. Miyendo itayamba kulemera ndinagula mankhwala opha ululu otchedwa diclofenac, osadziwa kuti ndikuwonjezera vuto. Chimene chinandidzidzimutsa ndi sikelo, chifukwa ndinachoka pa makilogalamu 74 kufika pa 78.

Ndinalawirira kuchipatala nditatenga kadi yanga, nambala ya inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA ndiponso timapaketi ta mankhwala onse amene ndinkamwa. Namwino atandiyeza BP anapeza 158/98, pamene malire ake ndi 140/90. Pamzere wolowera kwa dokotala ndinkakonza bodza loti mankhwala anandithera, koma nditakhala pampando ndinangonena zoona, ndipo ndikuona kuti zimenezi ndi zimene zinafupikitsa nkhani yonse.

Dokotala anandidina pamsongolo ndi chala chachikulu, ndipo atachotsa chalacho panatsala kadzenje kamene kanachedwa kubwerera.

"Amayi, awa ndi madzi, si mafuta ayi," anatero.

Anandifotokozera kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo kapiritsi kamene ndinasiya kamachititsa impso kutaya mchere mumkodzo, madzi n'kumatsatira mcherewo. Thupi likazolowera mankhwalawa limaphunzira kuumira mchere, moti munthu akawasiya mwadzidzidzi impso zimapitiriza kuusunga kwa kanthawi, madzi n'kutsikira kumapazi. Diclofenac ndi ibuprofen nazonso zimachititsa impso kusunga mchere ndi madzi, ndipo zimakweza BP. Anafunsanso za piritsi langa lachiwiri, amlodipine, limene palokha limatupitsa akakolo kwa anthu ena, koma popeza ndalimwa zaka zonsezi osatupa, sanalikayikire.

Sanathamangire kundibwezera pa mankhwala. Anayamba wandifunsa ngati ndimabanika ndikagona chagada, ngati ndimadzuka usiku ndikusowa mpweya, ngati mwendo umodzi watupa kuposa unzake, komanso ngati mkodzo ukuchita thovu, popeza kutupa kotere kumabweranso ndi matenda a mtima, impso kapena chiwindi. Atandimvetsera m'chifuwa ananditumiza kukapereka mkodzo kuti aone ngati muli puloteni, ndi magazi kuti ayeze creatinine, yomwe imasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, ndi potaziyamu, mchere wina wa m'magazi. Anandiuza kuti akanamva zachilendo mumtima akanandilembera kalata yopita ku chipatala chachikulu cha UTH. Zotsatira zinatuluka bwino.

Anandibwezera pa mlingo wanga wakale, piritsi limodzi m'mawa, ndipo anandiletsa kumwa awiri pofuna kuti madzi achoke msanga. Anandiletsanso kugula ndekha mankhwala ena okodzetsa otchedwa Lasix, amene mnzanga wina anandilangiza kuti ndigule, chifukwa mankhwala amenewo ndi amphamvu ndipo angatsitse potaziyamu mpaka mtima kuyamba kugunda mosalongosoka.

Ntchito yotsala inali ya kunyumba. Ndinabwereka sikelo ndipo m'mawa uliwonse, ndikakodza koma ndisanadye, ndinkadziyeza n'kulemba m'kope la maoda a makasitomala. Ndinauzidwa kuti ndikadzawonjezera makilogalamu awiri m'masiku atatu, kapena ndikadzayamba kubanika, ndisadzadikire tsiku langa lobwerera kuchipatala.

Chimene chinandivuta kwambiri ndi mchere. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, omwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo ine ndinkaganiza kuti mchere ndi wokhawo wa m'kabotolo ka patebulo. Kapenta wouma amene ndimagula kumsika wa Soweto ndinayamba kumuviika m'madzi n'kutaya madziwo ndisanaphike. Timibulu tokometsera ndiwo ndinatisiya, soseji ndi polony nazonso. Chimene sindinkachiganizira n'komwe ndi soda wothira mu delele, yemwe ali ndi sodium yemweyo wa mumchere. Ana anadandaula kuti ndiwo zazizira, ndipo ndinawauza kuti aliyense azithira m'mbale yake. Kuntchito ndinkadzuka pamakina ola lililonse n'kuyendako pang'ono, ndipo madzulo ndinkagona nditasanjika miyendo pamapilo awiri.

Mlungu woyamba ndinatsika makilogalamu awiri, wachiwiri imodzi, ndipo nsapato zinalowa. Kilogalamu yomaliza yakana kuchoka mpaka lero, ndipo ndikuvomereza kuti imeneyo ndi nsima ya kumaliro. Tsiku lobwerera kuchipatala BP inali 134/84. Ndinafunsiratu za ulendo wa chaka chamawa wokaika mwala pamanda, ndipo dokotala anati tsikulo ndidzanyamule kapiritsiko m'kachikwama ka m'manja, ndikamwe ndikangotsika basi ku Katete.