Kuphunzitsa ndi kujambula mawu ngati ntchito yodyera mu Blantyre

Achinyamata ambiri amene amandilembera pa WhatsApp amayamba ndi nkhani imodzimodzi, yoti anzawo akutchalitchi kapena akusukulu anawauza kuti ali ndi mawu a pawayilesi, ndipo akufuna kudziwa kumene angakagulitse mawuwo. Sindiwagwetsa mphwayi, chifukwa mawu okoma ndi mphatso ndithu, koma ndimawauza mosabisa kuti mu Blantyre muno anthu a mawu okoma ndi ochuluka kuposa ntchito zimene zilipo. Amene akusowa ndi anthu odziwa kumvetsera, kukonza zolembedwa, kuwongolera wowerenga, ndi kupereka kwa kasitomala uthenga womalizidwa pa tsiku limene anapangana. Ine ndinayamba ngati wowerenga mauthenga a malonda, ndipo ndinasunthira pang'onopang'ono kumpando wa pulodyusa ndi mphunzitsi nditaona kuti wowerenga amaitanidwa lero n'kuiwalika mawa, pamene wokonza uthenga wonse ndiye amene kasitomala amasunga nambala yake.

Msika wathu uli ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo imamvekabe pakamwa pa ophunzira anga. MBC inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kwa zaka zoposa makumi atatu aliyense amene mawu ake ankamveka kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa ankadzera pa wayilesi imodzi yokhayo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera Radio 2 FM, Power 101 ndi Capital FM, Television Malawi inatsegulidwa mu 1999, Zodiak inayamba mu 2005, ndipo bungwe la MACRA, loyang'anira zoulutsa mawu, lakhala likupereka ziphaso kwa mawayilesi a m'madera ambirimbiri. Ngakhale zili choncho, wachinyamata amene anabadwa zonsezi zitachitika kale, mukangomuika patsogolo pa maikolofoni, amakhwimitsa khosi n'kuyamba kulankhula ngati muulutsi wa nkhani za boma wa masiku akale. Kalankhulidwe kameneko kali ndi malo ake ndipo ndimakalemekeza, koma sikagulitsa sopo, ndiponso sikangachititse mayi wa ku Bangwe kunyamula mwana kupita naye kusikelo.

Amene amalipira ntchito imeneyi ndi mabanki, makampani a mafoni, ogulitsa mbewu ndi feteleza, sukulu zoyima pazokha, mipingo, ndi mabungwe a zaumoyo ndi chitukuko. Ntchito zake zimabwera ndi nyengo. Mvula ikayandikira amalonda a zaulimi amathamanga, chisankho chikayandikira monga cha 2025 mauthenga ophunzitsa ovota amachuluka, ndipo pa nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 komanso namondwe Freddy atagwa mu March 2023, mabungwe ankafuna mauthenga a chenjezo tsiku lomwelo. Pakati pa nyengozi pamakhala miyezi ya zii, ndipo m'miyezi imeneyo ine ndimadalira kuphunzitsa, mawu a makina oyankha mafoni a m'maofesi, ndi kufotokozera mavidiyo a pa YouTube ndi Facebook.

Gawo lalikulu la ntchito ya pulodyusa limatha wowerenga asanafike. Ma script ambiri, kutanthauza zolembedwa zoti ziwerengedwe, amabwera atalembedwa m'Chingerezi, kenako wina wa muofesi amene amalankhula Chichewa amapemphedwa kuti amasulire mwachangu, ndipo amamasulira liwu ndi liwu chifukwa akuopa bwana. Uthenga wa masekondi 30 m'Chingerezi umakhala ndi mawu pafupifupi 75, koma mawu athu ndi aatali, popeza mneni mmodzi amanyamula wochita, nthawi ndi wochitiridwa pamodzi, ndipo polankhula timakoka pang'ono silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo. Zotsatira zake n'zakuti uthenga womasuliridwa uja umapitirira nthawi, wowerenga wosazolowera amathamanga kuti akwanitse, amameza mapeto a mawu, ndipo Chichewa chimene chimatuluka palibe agogo amene angachitsatire.

Chimene ndimachita ndi kuimbira kasitomala foni ndi kumufunsa funso limodzi, loti womvera akamva uthengawu achite chiyani. Ngati yankho lake ndi loti aimbe nambala inayake, zina zonse zimene sizithandiza kuti nambalayo ikumbukike ndimapempha kuti tichotse, ndipo ndimalemba uthengawo mwatsopano m'Chichewa ndikuwerenga mokweza, wotchi ili m'manja. Nkhani ya manambala imafunanso chigamulo. Amalawi ambiri amatchula mitengo ndi manambala a foni m'Chingerezi ngakhale akulankhula Chichewa, choncho kuumiriza wowerenga kuti atchule mtengo wa thumba la feteleza m'Chichewa chenicheni kumadya masekondi asanu ndipo kumasokoneza womvera amene amagula tsiku ndi tsiku pamsika wa Limbe. Makasitomala ena amakana kuti script yawo ikhudzidwe, ndipo pamenepo ndimawajambulira mitundu iwiri, wawo ndi wanga, kuti asankhe okha ndi makutu awo.

Kuphunzitsa wowerenga ndi luso lina, ndipo ndi limene ndimalikonda kwambiri. Mtsikana wina wa ku Ndirande, woimba kwaya wa mawu oyera bwino, anabwera kudzawerenga uthenga wolimbikitsa kuthira kolorini m'madzi akumwa. Anawerenga mosaphonya liwu, koma ankamveka ngati akulengeza za maliro a munthu wamkulu. Ndinamufunsa kuti, "Achemwali, kodi kwanu amene amatunga madzi ndani?" Iye anati, "Ndi azakhali anga, aphunzitsi." Ndinamulanda pepala lija n'kunena kuti, "Ndiye tangoganizani kuti azakhali anuwo angotula ndowa pakhonde ndipo mwana wathamangira ndi kapu. Auzeni zimene zili papepalapa mmene mungawauzire kwanu, mwaulemu wake." Atayamba kulankhula, mapewa anatsika, mawu anafewa, ndipo ziganizo zinafupika zokha. Titabwerera ku script anali atadziwa amene akulankhula naye, ndipo zimene zinatsala zinali zazing'ono.

Zazing'onozo n'zimene zimadya nthawi yambiri m'kalasi. Wophunzira aliyense ndimamupatsa pensulo kuti aike kamzere kamodzi pamene apume pang'ono, timizere tiwiri pamene aime, ndi mzere kunsi kwa liwu limodzi lokha m'chiganizo chilichonse limene likuyenera kulemera, chifukwa amene amalemeretsa mawu onse amatopetsa khutu. Amawerenga ataimirira, akupumira m'mimba, mapewa osakwera. Pakamwa pamatalikirana ndi maikolofoni ngati kutalika kwa chikhatho chotambasula, ndipo maikolofoniyo imapendekera pambali pang'ono, popeza Chichewa chili ndi ph, th ndi kh wambiri, amene amatulutsa mpweya womenya maikolofoni ngakhale patakhala kansalu kotchinga mpweya kotchedwa pop filter. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikatsika ndipo theka la mzinda likutsokomola, ndimasunga fulasiki ya madzi ofunda mu situdiyo ndipo sindiika ntchito yolemera m'mamawa kwambiri, mawu asanatseguke.

Mphunzitsi ayeneranso kuphunzira kulankhula ndi wowerenga. Kuuza munthu kuti awerenge bwino kapena kuti aikemo moyo n'kumusiya m'malere, chifukwa sadziwa chimene asinthe, ndipo akabwereza kangapo mantha amamugwira pakhosi. Malangizo othandiza ndi amene munthu angathe kuwachita ndi thupi lake, monga kumwetulira pa chiganizo chomaliza, kutsitsa mawu pa dzina la kampani, kapena kudikira sekondi imodzi asanatchule mtengo. Ophunzira amabwera ndi zizolowezi zosiyana malinga ndi kumene achokera. Amene anaphunzira utolankhani ku MUBAS kapena ku MIJ amatchula mawu momveka bwino koma amavutika kusiya kamvekedwe ka nkhani, pamene a zisudzo, monga ochokera ku University of Malawi ku Zomba, kumene kale kunkatchedwa Chancellor College, amalowa msanga mu khalidwe la munthu amene akumuyerekeza koma amakweza mawu ngati akufuna kufikira mpando wakumbuyo wa holo. Alaliki ndi oimba ali ndi mpweya wautali, ndipo vuto lawo ndi kuimba chiganizo chimene chimangofunika kunenedwa.

Pali chinthu china chimene sindigwirizana nacho pa maphunziro a mtundu uwu, ndicho kulonjeza ophunzira ntchito. Munthu amene wasonkhanitsa ndalama za geni ya amayi ake kuti adzaphunzire ayenera kuuzidwa zoona, kuti maphunziro adzamupatsa demo (chitsanzo chojambulidwa cha mawu ake) ya mphindi imodzi yokhala ndi timagawo ta malonda, uthenga wa zaumoyo ndi kufotokozera vidiyo, komanso luso lolandira malangizo osakhumudwa, koma kuti mafoni a makasitomala palibe amene angamulonjeze. Satifiketi ndimapereka kwa amene aifuna, ngakhale sindinaonepo kasitomala amene anaifunsa.

Pa zipangizo, ndalama yoyamba ipite ku chipinda. Maikolofoni ya condenser, imene achinyamata amaisirira chifukwa amaiona m'mavidiyo, imamva chilichonse: agalu a oyandikana nawo, oitanira minibasi pamsewu, chigayo cha kuseri, ndi mvula yogunda pamalata kuyambira November mpaka April. M'nyumba ya lendi ya m'taunishipi maikolofoni ya dynamic ndi imene imakhululuka zambiri. Matiresi oimikidwa kukhoma, mabulangete okhuthala, ngakhale wadiropu yodzaza zovala zimachepetsa kubwerera kwa mawu m'chipinda, pamene mathireyi a mazira amene ena amamata kukhoma satsekereza phokoso lakunja. Pulogalamu yojambulira ndi kukonzera mawu ya Audacity ndi yaulere ndipo ndi yokwanira poyambira. Laputopu ya batire labwino ndi interface (kabokosi kolumikiza maikolofoni ku kompyuta) yotenga mphamvu pa USB zimakulolani kupitiriza magetsi akathima, pamene jenereta imabweretsa phokoso limene mumalithawa. Zipangizozi zimachokera kunja, ndipo ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo yake inakwera kwambiri, choncho kugula chimodzichimodzi ndi ndalama zimene ntchito yabweretsa n'kwanzeru kuposa kutenga ngongole. Potumiza ntchito ya vidiyo ndimapereka fayilo ya mawu ya mtundu wa WAV ya 48 kHz, ndipo ndimaitumiza ngati document kapena pa Google Drive, chifukwa voice note ya pa WhatsApp imafinya mawu n'kuwononga zimene mwavutikira.

Nkhani ya mtengo ndi imene imagwetsa ambiri. Wachinyamata amaganiza kuti poti wawerenga kwa mphindi khumi ndiye alipidwe ya mphindi khumi, osadziwa kuti chimene kampani ikugula ndi chilolezo chogwiritsa ntchito mawu ake. Uthenga woulutsidwa pa wayilesi imodzi ya m'dera kwa mwezi umodzi sungafanane mtengo ndi woulutsidwa pa mawayilesi onse a dziko, pa kanema ndi pa intaneti kwa chaka chathunthu. Ndimalemba papepala, ngakhale la tsamba limodzi, kumene uthengawo udzamveke, kwa nthawi yaitali bwanji, m'zilankhulo zingati, ndiponso kuti kasitomala angapemphe kusintha kangati popanda kuwonjezera ndalama. Masiku ano ndimawonjezeranso mzere wonena kuti mawu a wowerenga asagwiritsidwe ntchito popangira mawu a pakompyuta omutsanzira popanda chilolezo chake. Theka la ndalama limabwera ntchito isanayambe, kudzera ku banki, Airtel Money kapena Mpamba, pakuti akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo kampani ina yaikulu ndithu inandizungulitsa miyezi yambiri uthenga wanga ukulira pawayilesi tsiku ndi tsiku.

Makampani ndi mabungwe akuluakulu safuna kulipira munthu wopanda mapepala, choncho kulembetsa bizinesi, kutenga nambala ya wokhoma msonkho ku MRA ndi kukhala ndi invoisi yooneka bwino zimatsegula zitseko zimene demo payokha singatsegule. Nyimbo yoika pansi pa mawu nayo ili ndi mwini wake. COSOMA yakhala ikuyang'anira za umwini wa zaluso kuyambira 1992, ndipo pali lamulo la Copyright Act la 2016, choncho kutenga nyimbo ya woimba wotchuka n'kuiika pansi pa malonda a kasitomala popanda chilolezo n'kudziputira mlandu. Ine ndimalipira wachinyamata wa kiyibodi kuti andipangire tinyimbo tatifupi tatsopano, ndipo timalemberana za umwini wake. Owerenga anga ndimawalipira pa tsiku limene tinagwirizana ngakhale kasitomala asanamalize kundilipira, chifukwa Blantyre ndi yaing'ono ndipo pulodyusa wozemba ndi ndalama za anzake mbiri yake imamutsogolera.

Chuma chenicheni cha pulodyusa ndi kabuku ka mawu a anthu amene angathe kuwaitana. Bungwe likafuna uthenga wa dziko lonse limaufuna m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga, ndipo kawirikawiri limaufuna sabata yomweyo. Pa chilankhulo chimene sindichilankhula bwino ndimaitana munthu wachiwiri wobadwira m'chilankhulocho kuti akhale pambali panga ndi mahedifoni, amvetsere katchulidwe ndi kundiuza ngati zomasulirazo zikumveka ngati za kwawo, ndipo nayenso amalipidwa. M'kabuku kanga mwadzaza anyamata ndi atsikana a zaka za m'ma 20, koma makasitomala akufunsa kwambiri mawu a agogo, a bambo wa kumudzi ndi a mayi wa pamsika. Chifukwa cha ichi, kalasi yanga ya Loweruka ndaitsegulira aphunzitsi opuma pantchito ndi amayi a m'mabungwe a mpingo, ndipo padakali pano ndikufunafuna mayi wachikulire wolankhula Chisena cha ku Nsanje amene angathe kufika mu Blantyre pa tsiku lojambula.