Ulendo wa ku Harare: nkhuku za ku Tete ndi benchi ya agogo

Anzathu amene munatsala, musamvere za apampando zoti tinayenda bwino. Ife tinafika, koma nkhuku zinathera ku Tete.

Tinanyamuka ku Chilobwe tambala asanalire, anthu 14 m'minibasi. Asungichuma anali atakazinga nkhuku usiku n'kuzitsekera m'ndowa. Pa Mwanza ndi pa Zobue mizere inatidyera nthawi, njala n'kutipweteka, iwo kukana kutsegula, ati kamba ndi wa masana. Dzuwa la ku Tete mukulidziwa. Titawoloka Zambezi anavundukula ndowa ija, adalaivala n'kuimika galimoto osauzidwa ndi munthu. Zonse kutchire. Mkangano unafika mpaka pa Nyamapanda: ena ati ndalama za gulu zibwezedwe, asungichuma ati nkhukuzo zinali za m'khola mwawo, ndiye wolira ndi iwo. Sadza ya usiku umenewo palibe anainyoza, ngakhale achemwali aja amene amati nsima ya kwina si nsima.

Tinapitira kukaona Friendship Bench, ntchito imene Dr Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo, anayambitsa ku Mbare, dera la mumzinda wa Harare, mu 2006. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa chipatala n'kumacheza ndi munthu wovutika maganizo, maulendo 6. Vutolo m'Chishona amalitcha kufungisisa, kuganiza kwambiri. Amayamba ndi kuvhura pfungwa, kutsegula maganizo: munthu alankhule yekha, asankhenso yekha vuto loti ayambe nalo. Ine zinandibaya. Namondwe wa Freddy atagumula Soche mu Malichi 2023, tinkalowa m'misasa ndi mafomu, mayi n'kumafotokoza kachitatu mmene matope anatengera ana ake, ife n'kumuuza kuti limbani mtima.

Poyeserera, apampando anapatsidwa udindo womvetsera. Mphindi ziwiri sizinakwane, anali atayamba kale uphungu, ndi vesi pamwamba. Agogo ena anangowagwira bondo n'kuloza khutu. Mukamva tikuwatchula kuti a Khutu, musadabwe.

Zikomo kwa amene anatilandira, kwa anamwino athu amene anamasulira Chishona chophunzirira ku Mutare, ndi kwa adalaivala chifukwa cha mphuno yawo. Malisiti abwere Lachinayi. Ndowa ikadali kwathu, ndaitsuka katatu. Mwini wake adzaitenge.