Chikho chomwe palibe anachinyamula mu 1919

Ndinatsikira ku Toronto, m'dziko la Canada, mu Malichi, nthawi yomwe kwathu ku Dedza ana amakhala akuotcha mondokwa. Kumeneko kunali kudakali chisanu choluma makutu, ndipo m'mbali mwa misewu munali milu ya sinowo yakuda ndi utsi wa magalimoto. Ndinapita kukacheza kwa achemwali anga ndi amuna awo omwe akhala ku Scarborough, dera la mumzindamo, zaka zambiri. Za ulendo wa pandege kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa palibe choti ndinene, kupatula kuti ndi wautali ndipo miyendo inatupa.

Madzulo oyamba omwewo ndinapeza alamu anga atakhala kutsogolo kwa wailesi ya kanema ngati munthu wodikira zotsatira za mayeso. Ankaonera hockey, timu ya Toronto Maple Leafs. Ine ndinangoona anthu atavala zovala zotupa akuthamanga pa madzi oundana, nsapato zawo zili ndi chitsulo chakuthwa kunsi, ndodo zopindika m'manja. Chomwe ankalimbirana sindinachione n'komwe. Ndi kamphira kakuda kophwatalala, kolimba, kotchedwa puck, ndipo kamathamanga mwakuti diso losazolowera limangoona anthu akukuwa osadziwa kuti kalowa liti mu golo.

"Alamu, inu munakulira pa Bullets ndi Wanderers, izi mwaziyamba liti?" ndinawafunsa.

"Dikirani Loweruka, alamu," anatero. "Ndikakuonetsani chikho chake, mukamvetsa."

Loweruka tinakwera sitima ya pansi pa nthaka mpaka ku Union Station, n'kuyenda pang'ono kukafika pomwe pamakumana misewu ya Yonge ndi Front. Apo ndi pomwe pali Hockey Hall of Fame, nyumba yosungiramo mbiri ya masewerowa, yomwe inasamukira pamalopa mu 1993. Zipinda zapansi n'zodzaza ndi mayunifolomu akale, ndodo, zophimba kumaso za magoloboyi. Zimenezo ndinangodutsa, chifukwa maina ake sindinkawadziwa. Koma mukakwera masitepe mumalowa m'chipinda chachikulu chomwe kale chinali banki ya Bank of Montreal, nyumba ya m'ma 1880, denga lake lozungulira lagalasi la mitundumitundu ngati la tchalitchi. Anthu amene pansi paja ankalongolola, atafika muno anayamba kunong'ona. Pakati pa chipindacho pali Stanley Cup.

Chikhochi anachipereka Lord Stanley, bwanamkubwa wa dziko la Canada, mu 1892, ndipo chinayamba kupikisaniridwa mu 1893. Poyamba inali mbale yasiliva chabe, ndipo mbale yoyambirirayo amaisunga m'chipinda chomwe banki inkatsekeramo ndalama. Chomwe chimanyamulidwa lero n'chachitali pafupifupi masentimita 90, cholemera makilogalamu oposa 15, chifukwa pansi pa mbaleyo anawonjezera malamba asiliva olembapo maina a opambana. Amalola kuchikhudza. Ndinayendetsa chala pa timalemba ting'onoting'onoto, chaka ndi timu, chaka ndi timu, mpaka ndinafika pamalo pomwe panalembedwa matimu awiri pa chaka chimodzi: 1919, Montreal Canadiens, Seattle Metropolitans, ndipo pansi pake mawu akuti "Series Not Completed", kutanthauza kuti mpikisanowo sunafike kumapeto.

Ndinaitana alamu. Iwo ankafuna kundionetsa 1967, chaka chomaliza chomwe Maple Leafs inatenga chikhochi, koma ine ndinali nditakodwa kale apa. Bambo wina wogwira ntchito m'chipindamo anandifotokozera mwachidule, ndipo zotsalazo ndinakaziwerenga usiku womwewo mpaka tulo tinathawa.

Masiku amenewo kunali ma ligi awiri akuluakulu, NHL kum'mawa ndi PCHA kumadzulo, ndipo akatswiri a mbali ziwirizi ankakumana kulimbirana chikho. Montreal inayenda masiku angapo pa sitima ya pamtunda, kudutsa dziko lonse la Canada, kukafika ku Seattle ku America. Panali kale chidani cha pabwalo, popeza mu 1917 Seattle inagonjetsa Montreal yomweyi n'kukhala timu yoyamba ya ku America kutenga Stanley Cup. Wopambana masewero atatu ndiye amatenga chikho. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti malamulo ankasinthana. Tsiku lina ankasewera malamulo a kumadzulo, anthu 7 mbali iliyonse, tsiku lina a kum'mawa, anthu 6. Ndipo zinaonekeratu pa zigoli. Pa 19 Malichi, pa malamulo akwawo, Seattle inakwapula Montreal 7-0. Masewero achiwiri Montreal inabweza 4-2, zigoli zonse zinayi atamwetsa ndi kaputeni wawo Newsy Lalonde. Achitatu Seattle inapambananso 7-2, n'kutsala ndi masewero amodzi okha kuti chikho chikhale chawo.

Masewero achinayi, pa 26 Malichi, ndi omwe olemba mbiri amawatamanda mpaka lero. Magoloboyi awiri, Georges Vézina wa Montreal ndi Hap Holmes wa Seattle, anakana kulowetsa kanthu. Cully Wilson wa Seattle anaponya puck mu golo, koma wezulo yotseka chigawo choyamba inali italira kale, chigoli n'kukanidwa. Mphindi 60 zinatha 0-0. Anawonjezera zina 20, zinathanso 0-0. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo olowa m'malo anali ochepa kwambiri, munthu ankasewera pafupifupi masewero onse, mosiyana ndi lero pomwe amasinthana mphindi iliyonse. Wezulo yomaliza italira, osewera ena anangogwa pa ayezi, ena anachita kunyamulidwa. Ochemerera anaimirira n'kuombera m'manja matimu onse awiri.

Patatha masiku atatu anakumananso. Seattle inatsogola 3-0, koma Montreal inabweza zonse zitatu m'chigawo chomaliza, ndipo Jack McDonald anamwetsa chachinayi mu nthawi yowonjezera. Aliyense anali atapambana kawiri, kamodzi atalepherana. Masewero otsiriza anaikidwa pa 1 Epulo.

M'masewero achisanu aja, wotchinga kumbuyo wa Montreal, Joe Hall, anatuluka asanathe, thupi likutentha. Anali wa zaka 37, mmodzi mwa akuluakulu m'timumo, wobadwira ku England koma wokulira ku Manitoba, wodziwika ndi dzina loti "Bad Joe" chifukwa cha nkhanza zake pabwalo. Chinali chimfine chija chomwe chinapha anthu mamiliyoni ambiri padziko lonse kuyambira mu 1918. Pofika pa 1 Epulo, Hall, Lalonde, McDonald, Billy Coutu, Louis Berlinguette ndi mkulu wa timuyo George Kennedy onse anali chigonere, ena kuchipatala ena kuhotela, ndipo ena thupi linatentha kufika madigiri 40. Kutatsala maola ochepa kuti masewero ayambe, anawaimitsa.

Kennedy anayesa kupempha kuti abwereke osewera ku timu ya Victoria, koma mkulu wa ligi ya kumadzulo, Frank Patrick, anakana. Ndiye Kennedy anati basi, popeza sangathe kutulutsa timu, chikho chipite ku Seattle. Mphunzitsi wa Seattle, Pete Muldoon, anakana kuchilandira, chifukwa chomwe chinalepheretsa anzawowo chinali matenda.

Apa m'pomwe ndinaima nthawi yaitali. Ife okonda mpira tikudziwa momwe mapointi a patebulo amakomera, timu ina ikalephera kufika pabwalo timavina ngati tamwetsa. Muldoon anali ndi chifukwa chilichonse choti alandire. Timu yake inamwetsa zigoli 19 pomwe Montreal inamwetsa 10, inasewera popanda katswiri wake Bernie Morris yemwe anamangidwa mpikisano utatsala pang'ono kuyamba pomuganizira kuti anazemba usilikali, ndipo Kennedy, mwini wake wa timu inayo, ndiye ankapereka yekha. Sanafune chikho chochokera m'manja mwa anthu ogona pa bedi la chipatala. Seattle Metropolitans sinadzachitengenso chikhochi mpaka timuyo inatha mu 1924. Kwa ine munthu ameneyu ndi wamkulu kuposa maina ambiri omwe ndinawakhudza pa siliva paja.

Joe Hall anamwalira pa 5 Epulo 1919 ku Seattle, chimfinecho chitasanduka chibayo, ndipo anaikidwa ku Vancouver, kutali ndi kwawo. Kennedy sanapezenso bwino kwenikweni, anamwalira mu 1921. Pa chikho sipanalembedwe kanthu chaka chimenecho. Mawu omwe ndinawawerenga aja anawonjezeredwa mu 1948 pomwe ankachikonzanso.

Chimfine chomwecho chinafikanso ku Nyasaland chakumapeto kwa 1918, nthawi yomwe asilikali ndi amtengatenga ankabwerera kuchokera ku nkhondo, ndipo chinapulula midzi. Sindinaganizepo kuti nkhani yomwe ndinaimva pang'ono m'kalasi ya mbiri ndidzakumana nayo itazokotedwa pa chikho cha masewero a pa ayezi. Komanso maganizo anga anathawira ku Januwale 2021, pomwe Covid inatilanda nduna ziwiri tsiku limodzi, ndipo sabata yotsatira inatenga amalume anga. Tinawaika mofulumira, anthu ochepa, opanda kugona pa siwa, opanda kuona nkhope. Mpaka lero amayi amati maliro aja sanathe. Nditawauza achemwali zimenezi patebulo usiku uja, anasiya kudya. Iwo sanathe n'komwe kubwera kumaliroko.

Alamu anandikumbutsa kuti mu 2020 mpikisano wa Stanley Cup unatha ndithu, koma mabwalo ali opanda ochemerera, osewera atatsekeredwa m'mahotela a ku Toronto ndi ku Edmonton, ndipo Tampa Bay Lightning inanyamula chikho mu Seputembala m'malo mwa Juni.

Ndisananyamuke anandigulira tikiti yokaonera Maple Leafs ku Scotiabank Arena. Phokoso lake ndi la nsapato zikupala ayezi ndi matupi akumenyetseka pa matabwa a m'mbali, ndipo pofika chigawo chachitatu diso langa linali litayamba kutsata kamphira kaja. Ndinkawerengera momwe osewera ankadumphira kunja pakangotha mphindi imodzi, akupuma mwawefuwefu, ndipo ndinkaganiza za anthu aja a pa 26 Malichi omwe anakhala pa ayezi mphindi 80.

Pa chithunzi chomwe alamu anandijambula m'chipinda chachikulu chija, anthu ena onse pamzere anakumbatira chikho akumwetulira. Ine ndinawerama, chala chili pa 1919, ndipo nkhope siikuoneka. Chimenecho ndi chomwe ndinatumizira amayi ku Dedza.