Kanema mmodzi, bandulo yonse

Kashopu kanga ka ku Chikanda kali ndi makompyuta asanu, pulinta imodzi ndi rauta yomwe ndinaipachika pamsomali pamwamba pa chitseko. Mwezi watha ana a pa yunivesite ku Chirunga anauzidwa kuti aonere kanema wa maphunziro wosungidwa pa server ya yunivesite ina ya ku Ulaya. Ankabwera mmodzimmodzi, aliyense n'kutsitsa kanema yemweyo. Pofika madzulo, bandulo yomwe ndinkati indifikitsa kumapeto kwa mwezi inali itatheratu. Ndinawakalipira ndithu kuti bwanji osangopatsana pa fulashi, koma pansi pa mtima ndinkadziwa kuti mlandu si wawo.

Intaneti yomwe tikugwiritsa ntchitoyi siifunsa kuti ukufuna chiyani, imafunsa kuti chinthucho chili kuti. Ndondomeko yake ya TCP/IP, yomwe netiweki ya ARPANET, kholo la intanetiyi, inasamukirako pa 1 Januwale 1983, imayendera ma adiresi ngati positi ofesi. Ndiye ngakhale mnzako wa pampando woyandikana nawe ali kale ndi kanemayo, kompyuta yako imakam'tengabe kutsidya kwa nyanja. Zili ngati kukwera kabaza kukagula mchere kumsika waukulu wa Zomba pomwe a neba ali nawo wodzadza mbale.

Alipo akatswiri omwe izi sizikuwagonetsa tulo. Mu 2010 bungwe la National Science Foundation la ku America linapereka ndalama zofufuzira kamangidwe katsopano ka intaneti, ndipo imodzi mwa ntchitozo ndi Named Data Networking, yotsogoleredwa ndi Lixia Zhang wa ku yunivesite ya UCLA. Maganizo ake ndi akuti chilichonse chikhale ndi dzina komanso siginecha yotsimikizira mwini wake. Ukachiitanitsa ndi dzinalo, rauta iliyonse ya panjira yomwe yachisunga ikhoza kukupatsa. Kukanakhala choncho, kanema uja akanawoloka nyanja kamodzi kokha. Makampani akuluakulu monga Google amachita kale zofananirapo posunga makanema awo pafupi ndi owonera, koma fayilo ya mphunzitsi wamba ilibe mwayi umenewo.

Ku yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland nako anakonza ndondomeko yawo yotchedwa SCION, yomwe imalola wotumiza kusankha njira yodutsa uthenga wake. Imeneyi ndimaikumbukira ndikaganiza za Meyi 2024, pomwe nthambo za pansi pa nyanja za EASSy ndi SEACOM zinaduka, ife kuno n'kumangoyang'ana kampira kakuzungulira pa sikirini. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, timadalira nthambo zodutsa kwa anzathu a ku Mozambique ndi Tanzania. Komabe ndisaname, kusankha njira kumathandiza pokhapokha njirazo zilipo zingapo.

Chomwe chimandinyansa n'choti ambiri amaganiza kuti kafukufuku wotereyu ndi wa azungu okhaokha, ife n'kumangodikira zotsala. Chonsecho zinachitikapo konkuno. Mu 2013 a dipatimenti ya Physics ku Chanco, motsogozedwa ndi Dr Chomora Mikeka, anagwirizana ndi MACRA komanso bungwe la sayansi la ICTP la ku Trieste, Italy, kuyesa kutumiza intaneti kudzera m'mipata ya mafunde a wailesi yakanema yomwe sikugwiritsidwa ntchito. Amati TV White Spaces. Mafunde amenewa amafika patali ndipo sagonja msanga ku mitengo ndi zipupa ngati a WiFi, nkhani yofunika kwambiri m'tauni ya mitengo ndi zitunda ngati ino. Sukulu ya atsikana ya St Mary's inali m'gulu la malo omwe analumikizidwa. A ku Italy anabwera ndi luso lawo, koma oyeza mafundewo tsiku ndi tsiku, pamvula ndi padzuwa, anali anyamata ndi atsikana athu omwe.

Ndipo likulu la UbuntuNet Alliance, mgwirizano wa manetiweki a maphunziro ndi kafukufuku a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, lili ku Lilongwe. Mgwirizanowu ndiwo umalumikiza manetiweki ngati MAREN ya kuno ndi GÉANT ya ku Ulaya.

Ndikanapatsidwa mpando pamisonkhano ya akatswiri amenewa, ndikanafunsa funso limodzi lokha: netiweki yanuyo imatani magetsi akathima uthenga uli pakati panjira? Pali kale ofufuza za Delay-Tolerant Networking, pomwe uthenga umasungidwa pamalo mpaka njira itatseguka, kenako n'kupitiriza ulendo. A NASA amaifuna chifukwa cha kutalika kwa mtunda wa m'mlengalenga. Ine ndimaifuna chifukwa cha Lachiwiri lililonse la m'nyengo ya mvula.

Pakadali pano ndafukula kompyuta yakale yomwe inkangodya fumbi pansi pa tebulo, ndaisandutsa nkhokwe. Aliyense wotsitsa chinthu cha kusukulu amasiyamo kope, ndipo pakhoma ndamatapo pepala la mayina a mafayilo. Dzulo mtsikana wina wa chaka chachiwiri anawerenga pepalalo, n'kundifunsa kuti, "Achimwene, nanga poti zili kale momwemo, mutilipiritsabe chimodzimodzi?" Ndinamuchotsera theka.