Kuyenda ku Ulaya ndi khadi la Covishield mu Novembala 2021

Khadi langa la katemera wa Covid-19 linali lolembedwa pamanja, ndipo pamzere wa dzina la katemera panali mawu akuti Covishield. Dzina limeneli ndi limene linandisowetsa mtendere pokonzekera ulendo wa kuntchito wopita ku France, Germany ndi Austria mu Novembala 2021. Covishield ndi katemera yemweyo wa AstraZeneca, kungoti ankapangidwa ndi Serum Institute of India mumzinda wa Pune, ndipo ndi amene ndondomeko ya COVAX inatumiza kumayiko ambiri osauka. Pamene mayiko a European Union ankayamba kugwiritsa ntchito chiphaso chawo cha Covid-19 chapafoni pa 1 Julaye 2021, bungwe lawo loona za mankhwala la EMA linali litavomereza mitundu inayi yokha: Pfizer, Moderna, Johnson & Johnson ndi AstraZeneca wa dzina lakuti Vaxzevria. Wa ku India munalibe. Dziko lililonse linkadzisankhira lokha kumulandira kapena kumukana.

Choncho ntchito yoyamba inali kufufuza dziko ndi dziko, pamasamba a boma lenilenilo, osati kudalira zonena anthu pa WhatsApp. Mayiko anga atatuwo onse anali atamulandira. Kenako ndinawerenga masiku. France inkati munthu watetezeka pakatha masiku 7 chibayitsireni kachiwiri, pomwe Germany inkafuna masiku 14. Ine ndinali nditabayitsa kalekale, koma amene anabayitsa mothamanga ulendo utayandikira, apa ndi pomwe ankakodwa. Ndinaonetsetsanso kuti dzina ndi tsiku lobadwa zapakhadi zikufanana ndendende ndi zapapasipoti, chilembo ndi chilembo, ndiponso kuti nambala ya batch ya katemerayo ikuwerengeka. Ndinajambulitsa makope, lenilenilo n'kuliika m'kapulasitiki.

Pabwalo la ndege ku Paris khadi lapepala linakwanira kundilowetsa m'dzikomo. Koma kulowa m'dziko ndi kwina, kulowa mulesitilanti ndi kwinanso. Kuyambira pa 9 Ogasiti chaka chimenecho, munthu sakanadya mulesitilanti, kumwa khofi ngakhale pampando wapanja, kapena kukwera sitima yopita kutali popanda chiphaso chotchedwa pass sanitaire, chomwe chinali QR code, kachithunzi ka mabokosi akuda ndi oyera kowerengedwa ndi foni. Mlendo ankayenera kupita kusitolo ya mankhwala kuti akamusinthire khadi lake kukhala code imeneyi, ndipo boma linali litaika malire akuti asalipiritse kuposa ma euro 36. Si sitolo iliyonse inkachita zimenezi. Yoyamba imene ndinalowa anangopukusa mutu n'kundilozera kwina.

Pa yachiwiri ndinapeza mayi wachikulire, magalasi ali pansonga ya mphuno, pamwamba pa masiki. Anatenga khadi lija, kuliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, kuliyandikiza pagetsi kuti aone chidindo, kenako n'kuyamba kulemba pakompyuta ndi zala ziwiri. Atafika pa dzina la katemera anaima pang'ono, ndipo ine mtima unali m'mwamba. Anapitiriza. Makina anatulutsa pepala lokhala ndi mabokosi akuda ndi oyera aja, ndipo anandiuza kuti ndilijambule ndi app ya boma ya TousAntiCovid koma pepalalo ndisalitaye, chifukwa batire ya foni imatha nthawi yolakwika. Code imeneyi inkagwira ntchito m'mayiko onse a European Union.

Chomwe ndinaona ku France n'chakuti anthu ankatsatira lamulolo uku akulidandaula mokweza. Wogwira ntchito mulesitilanti ankayandikiza foni yake pa yanga, kuona kuti code ndi yabwino, basi. Sankafunsa pasipoti, popeza nthawi imeneyo lamulo silinkawalola eni malo odyera kufunsa chitupa. Imeneyo inali ntchito ya apolisi. Eni malo ambiri anali atanena poyera kuti iwo si apolisi. Komatu anthu omwewa, Pulezidenti Emmanuel Macron atalengeza za chiphasochi pa 12 Julaye, pafupifupi miliyoni imodzi anakalembetsa tsiku lobayitsa pa tsamba la pa intaneti la Doctolib m'maola ochepa chabe. Loweruka lililonse m'chilimwe chimenecho kunkakhala zionetsero, ndipo pa 7 Ogasiti boma linawerenga anthu oposa 230,000 m'misewu ya dziko lonse. Kwa iwo kutsutsa boma mumsewu ndi kukabayitsa mawa lake sizinkasemphana ayi.

Pamsonkhano wathu panali mnzathu wina wochokera ku Guadeloupe, chilumba cha ku Caribbean chomwe ndi gawo la France. Sabata imeneyo kwawo kunali kutabuka sitalaka yaikulu, misewu itatsekedwa, chifukwa cha lamulo lokakamiza ogwira ntchito zachipatala ndi ozimitsa moto kubayitsa. Ine ndinamufunsa mosabisa kuti zimatheka bwanji namwino kukana katemera mliri uli pakati. Iye mwini anali atabayitsa. Anandiyankha pondifotokozera za chlordecone, mankhwala ophera tizilombo amene ankathiridwa m'minda ya nthochi ku Guadeloupe ndi ku Martinique kuyambira 1972 mpaka 1993. Dziko la United States linali litawaletsa m'zaka za m'ma 1970. France inawaletsa mu 1990, koma kuzilumbako anawalola kupitirira zaka zina zitatu. Lero nthaka ndi madzi n'zowonongeka, anthu akuluakulu oposa 90 pa 100 aliwonse ali ndi mankhwalawa m'magazi, ndipo khansa ya prostate ndi yochuluka kumeneko kuposa malo ambiri padziko lapansi. Boma lomwelo limene linkati mankhwala aja alibe vuto ndi limene tsopano linkati bwerani tikubayeni.

Ine ndimakhulupirira katemera, ndipo ndikudziwa kuti kukana kuja kunapha anthu amene akanakhala moyo. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuganiza kuti aliyense wokana ndi mbuli. Wolumidwa ndi chakuda amaopa ndi khala lomwe, ndipo amene anamusiya kuti alumidwe sayenera kudabwa.

Ku Germany ndinapita pa sitima. Kumeneko kunali malamulo awiri oyenera kuwadziwa: 3G inkalola obayitsa, ochira ndi oyezetsa kulowa m'malo monga odyera, pomwe 2G inkachotsa oyezetsawo n'kusiya obayitsa ndi ochira okha. Chigawo chilichonse chinkasankha chokha, ndiye lamulo linkatha kusintha sitima ikangodutsa malire a chigawo. Ku Bavaria masiki ansalu sankaloledwa m'sitima ndi m'masitolo, ankafuna osefa mpweya bwino otchedwa FFP2, ndipo ndinagula paketi ndisanatsike n'komwe pasiteshoni yaikulu. Pakhomo la malo odyera, mnyamata woyang'anira anajambula code yanga kenako n'kutambasulanso dzanja kufuna pasipoti. Anayerekeza dzina ndi dzina, tsiku ndi tsiku, mwaulemu koma mosathamanga, pamene ena asanu akudikira kunja kozizira. Palibe amene anadandaula. Ndinaona kuti kumeneko lamulo likakhazikitsidwa anthu amayembekezera kuti ligwire aliyense mofanana, ndipo amakwiya kwambiri ndi woyang'anira wolekerera kuposa wokhwimitsa.

Komabe dziko lomwelo silinali ndi mtima umodzi. Chigawo cha Saxony, chomwe chinali mbali ya East Germany yakale, chinali kumapeto pa chiwerengero cha obayitsa, ndipo zipatala zake zinali zitadzaza. Bremen, ngakhale kuti ili ndi osauka ndi obwera ambiri, inali pamwamba, chifukwa akuluakulu ake anatumiza magalimoto a katemera m'madera momwe anthuwo amakhala, ndi anthu olankhula zinenero zawo. Pa 22 Novembala nduna ya zaumoyo Jens Spahn inanena kuti pofika kumapeto kwa nyengo yozizira pafupifupi aliyense adzakhala atabayitsa, atachira kapena atamwalira. Mawu olimba chonchi anadzidzimutsa ambiri, koma sindikhulupirira kuti anatembenuza anthu ochuluka ngati mmene anachitira magalimoto a ku Bremen aja.

Anzathu a ku Denmark ndi ku Portugal ankamvetsera nkhani zimenezi modabwa. Ku Denmark boma linachotsa ziletso zonse pa 10 Sepitembala, n'kubwezeretsa chiphaso chawo mu Novembala matenda atakweranso, ndipo ambiri anangochilandira. Ku Portugal ntchito ya katemera anaipereka kwa msilikali wa pamadzi, Henrique Gouveia e Melo, yemwe ankaonekera atavala yunifomu yake n'kumapewa ndale, ndipo pofika Okutobala anthu 85 pa 100 aliwonse anali atamaliza kubayitsa popanda lamulo lowakakamiza.

Ku Austria sindinafikeko. Pa 15 Novembala boma linalamula kuti osabayitsa akhale pam'bindikiro, ndipo pa 22 Novembala m'bindikirowo unagwira dziko lonse, mahotela n'kutsekedwa kwa alendo. Analengezanso kuti kuyambira Febuluwale 2022 katemera adzakhala wokakamiza kwa akuluakulu onse, ndipo anthu masauzande ambiri anadzaza misewu ya Vienna. Lamulolo linadutsadi, koma analiimitsa mu Malichi asanalipiritse aliyense, kenako mu Juni analengeza kuti alichotseratu. Msonkhano wathu wa ku Austria unachitikira pa intaneti, ine ndili m'chipinda cha hotela ku Munich.

Pobwerera ndinayenera kuyezetsa PCR pasanathe maola 72 ndege isananyamuke. Ndinafunsa kaye ngati maolawo amawerengedwa kuchokera pomwe andipisa kathonje m'mphuno kapena pomwe zotsatira zatuluka, chifukwa ambiri ankasokonezeka pamenepa; yankho linali lakuti amawerengedwa kuchokera pa kathonje paja. Ndinapempha zotsatira za m'Chingerezi zokhala ndi nambala ya pasipoti, n'kuzisindikiza papepala. Ndili m'kati modikira, pa 25 Novembala akatswiri a ku South Africa analengeza za mtundu watsopano wa kachilomboka, umene WHO inautcha Omicron tsiku lotsatira. M'maola ochepa mayiko a ku Ulaya anaimitsa ndege zochokera kummwera kwa Africa, ngakhale kwa anthu obayitsa kawiri okhala ndi mapepala onse, ndipo patangopita masiku ochepa zinadziwika kuti ku Netherlands mtunduwu unalipo kale chilengezocho chisanachitike. Ndandanda ya ndege inasokonekera, yanga inasunthidwa, zotsatira zanga zinapitirira maola 72 aja, ndipo ndinakayezetsanso ndi kulipiranso.