Moto wa pulagi ukafulumira, pisitoni ndiyo imalipira

Lolemba m'mawa kugalaja kwathu ku Kapata, mu Chipata muno, kunafika anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi a pasukulu ina ya ntchito zamanja, akukankha kagalimoto kampikisano komwe anapanga okha. Mapaipi owotcherera, mpando umodzi, ndipo kuseri kwa mpandowo anamangako injini ya 150cc ya mtundu wa Honda CG yomwe anachotsa panjinga yamoto yakugwa.

"Amdala, tinaika CDI ya racing, taimingi tinaikankhiranso patsogolo, koma kakatentha kakungolira ngwe-ngwe-ngwe, mphamvu palibe," anatero mtsikanayo, yemwe ndinaona kuti ndiye amasunga kabuku kolembamo zonse. CDI ndi kabokosi kotumiza moto kupulagi, ndipo taimingi ndi nthawi yomwe motowo umabwera.

Ndisanagwire sipanala ndinawakhazika pansi. Petulo m'silinda saphulika nthawi imodzi, amayaka pang'onopang'ono kuyambira papulagi mpaka m'mbali. Ndiye chifukwa chake moto umayenera kubwera pisitoni isanafike pamwamba penipeni, kuti mphamvu yaikulu iipeze itangoyamba kutsika, madigiri pafupifupi 15 itadutsa pamwambapo. Injini ikamazungulira ka 1,500 pa mphindi, crankshaft, chitsulo chomwe pisitoni imazungulitsa, imayenda madigiri 9 m'kagawo kamodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Ikafika ka 6,000, m'kanthawi komweko imayenda madigiri 36. Motero ikamathamanga moto uyenera kuyamba msanga. Apa anawa anali atamva bwino. Chimene sanamve n'chakuti kufulumirako kuli ndi polekezera. Ukapitirira, mpweya woyakawo umakankha pisitoni ikadali kukwera, ndipo petulo wotsala m'mbali amadziphulikira yekha. Kulira kuja n'komweko.

Lachiwiri ndinayamba ndi chimene ambiri amachidumpha: kutsimikiza ngati chilembo cha T pa flywheel (gudumu lolemera lozungulira ndi injini), chosonyeza kuti pisitoni ili pamwamba penipeni, chikunena zoona. Tinachotsa pulagi, kulowetsa kotsekereza pisitoni, kuzungulitsa injini ndi dzanja uku ndi uku, n'kupeza pakati. T anali pamalo pake, kiyi ya flywheel inalinso yosameteka. Vuto tinalipeza pa pickup coil, kachipangizo kouza CDI nthawi yotumiza moto. Anali atakuza mabowo ake ndi fayilo n'kuisuntha mamilimita angapo. Pa flywheel yaing'ono chonchi, milimita imodzi ndi pafupifupi digiri imodzi. Nditawalitsa timing light, tochi yothwanima pulagi ikatulutsa moto, injini ikungolira payokha, chilembo cha F, chosonyeza pobwerera moto, chomwe pa injini izi chimakhala cha m'ma madigiri 15, chinali chitathawa kutali ndi kamzere kake. Kuonjezera apo CDI yawo ija inali kufulumizanso moto. Anafulumiza kawiri osadziwa.

Tsiku lotsatira tinatsegula hedi. Ndinapatsa mtsikana uja tochi kuti aone yekha. M'mphepete mwa pisitoni, mbali ya ekizozi, munali timaenje ting'onoting'ono ngati chimanga chofumbwa ndi anankafumbwe, ndipo pachoyera cha pulagi panali timadontho tonyezimira ta aluminiyamu. Mtima unandipweteka, chifukwa ndalama za injiniyi anachita kusonkha okha. Mwayi wake maringi anali asanathyoke.

Lachinayi linapita ndi ntchito za masiku onse, matcheni ndi mabuleki a anyamata onyamula anthu njira ya ku Mwami. Madzulo m'pomwe tinabweza pickup pamalo pake n'kubwezeranso CDI ya kufakitale.

Chimene ndinalimbikira kuwauza Lachisanu n'chakuti injini ya njinga ikalowa m'galimoto moyo wake umasintha. Panjinga imakhala poyera, mphepo ikuomba m'zipsepse zake. Apa yabisala kuseri kwa msana wa woyendetsa, kunja kuli dzuwa la Okutobala. Ikukokanso chinthu cholemera, ndipo potuluka pakona woyendetsa amaponda mafuta onse injini ikadali kuzungulira pang'onopang'ono. Kutentha, katundu ndi mafuta onse pamodzi: pamenepo m'pomwe kugogoda kwa ngwe-ngwe kuja kumabadwira. Kukwera kwa Chipata, mamita opitirira 1,000 kuchokera panyanja yamchere, kumathandizako pang'ono poti mpweya ndi wopepuka, koma sikungapulumutse injini yosaona mphepo.

Mmodzi wa anyamatawo anatsutsa. Anati anzawo a m'mayunivesite akunja, a mpikisano wa ophunzira opanga timagalimoto wa Formula SAE womwe unayamba mu 1981 ku America, amaika madigiri ochuluka. Sananame. Koma aja ambiri amagwiritsa injini ngati Honda CBR600RR kapena Yamaha R6, zozizira ndi madzi, ndipo lamulo limawakakamiza kuti mpweya wonse udutse pakabowo ka mamilimita 20. Injini ikathamanga kwambiri silinda sidzaza, motowo umayenda mochedwerapo, ndiye imalola kufulumizidwa. Alinso ndi kompyuta yosintha taimingi pa liwiro lililonse, ndi dyno yoyezera mphamvu. Manambala awo ndi a injini yawo. Koma njira yawo ndi yathu yomwe: amaonjezera pang'onopang'ono, mphamvu ikasiya kukwera amaima, osadikira kulira.

Ife dyno yathu inali kamsewu kafumbi kokwera pang'ono, wotchi ya pafoni ndi makutu. Giya imodzi, poyambira pamodzi, injini itatentha bwino. Tinkasuntha pickup pang'ono, kuona ndi timing light, mtsikana uja n'kulemba. Poyamba nthawi inatsikadi. Titaonjezeranso sinasinthe, koma ine nditaima m'mbali ndinamva kulira kuja kukuyambira patali. Tinabwerera pamene nthawi inatsikira paja, n'kumanga mabawuti ndi kudinda chizindikiro ndi panchi kuti aliyense akadzasuntha aziona.

Wina anafunsa kuti bwanji osangobweza moto m'mbuyo kwambiri kuti tikhale pamtendere. Ndinamuuza kuti akatero petulo azikapsera muekizozi, paipi ifiira, vavu ipsa. Mbali zonse ziwiri kuli dzenje.

Loweruka anabwera ndi lata lomwe anagula ku Saturday Market, tinayamba kupinda kangalande kotengera mphepo kuchokera m'mbali mwa mpando kukafika pahedi. Sitinamalize chifukwa mariveti anatithera. Ndawauza kuti asakayendetse mwamphamvu mpaka timalize, ndipo tikatero tidzabwerera kukamsewu kaja kukayesanso, poti injini yozizira bwino mwina idzalola digiri ina imodzi kapena ziwiri.